Woweruza Akaphonya, Tilowera Kuti?

Amene adakhalapo pa bwalo la milandu m'midzi ya kwa Kabudula kapena kwa Kalolo amadziwa mmene tsiku la mlandu limathera. Mbali zonse zafotokoza, mboni zaitanidwa, nduna zanong'onezana, ndipo nyakwawa yagamula kuti malire a munda adzere pa chulu, osati pa mtengo wa mango. Wopambana amawomba m'manja. Wogonja nthawi zina amawomba nawo, koma nthawi zina amagwada n'kunena mwaulemu kuti, "Zikomo mfumu, koma mtima wanga sunakhutire. Ndikupempha kalata kuti ndikaonekere kwa a gulupu." Nyakwawa yodziwa ntchito yake sipsa mtima. Imaitanitsa pepala, imalemba, imadinda chidindo, n'kupatsa munthu uja kalata imene ingathe kukagwetsa chigamulo chake chomwe. Kwa gulupu kukakanika, mlandu umakwera kwa mfumu yaikulu. Kumadzulo kwa Lilongwe, kumene minda ya mabanja ambiri idalembedwa m'kaundula pa dongosolo la ndunda m'zaka za m'ma 1970, makalata otere ndi ochuluka, chifukwa mbumba zakula koma nthaka sidakule.

Ife a m'mphepete mwa nyanja mwambo umenewu sutidabwitsa, pakuti ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota milandu ya madimba ndi ya madoko imayenda chimodzimodzi. Komabe tikauyang'anitsitsa muli funso lovuta. N'chifukwa chiyani munthu amene wangoweruza kumene atsegulire mnzake khomo lokamutsutsira? Ngati mawu a woweruza angathe kufafanizidwa ndi wina, kulemera kwake kuli pati? Ndipo ngati woyamba angaphonye, tidziwa bwanji kuti womaliza sadaphonye?

Tisanayankhe, tiyambe taona mmene dziko lathu lidayalira mabwalo ake. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 adaika makwerero atatu. Pansi pali mabwalo a majisitireti, amene ali m'maboma onse ndi m'malo ena a malonda, ndipo ndiwo amamva milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku: kuba mbuzi, kumenyana, ngongole, maukwati a chikhalidwe. Majisitireti ena ndi maloya ophunzira, ena ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyi koma osakhala maloya, ndipo aliyense ali ndi malire a chilango chimene angapereke. Pambali pawo pali bwalo la milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito. Pamwamba pa onsewa pali High Court, bwalo lalikulu limene gawo 108 lidalipatsa mphamvu yomva mlandu wa mtundu uliwonse, ndiponso younika lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma ngati chikugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Bwaloli lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo lidagawidwa m'nthambi: ya milandu ya upandu, ya mikangano ya pakati pa anthu, ya zamalonda, ya mabanja ndi chuma cha masiye, ya misonkho, ndipo mu 2022 padaonjezeredwa ya milandu ya katangale ndi kusakaza chuma. Milandu ya kupha munthu ndi kuukira boma imayambira pomwepo. Pamwamba penipeni pali Supreme Court of Appeal, imene likulu lake lili ku Chichiri mu Blantyre, ndipo amaitsogolera ndi mkulu wa majaji onse. Pogamula apilo, majaji ake amakhala atatu kapena kuposera apo, koma chiwerengero chawo chimakhala chosagawika pawiri, monga 3, 5 kapena 7, kuti maganizo akasiyana papezeke mbali yochuluka.

Anthu ambiri amayesa kuti Constitutional Court ndi bwalo lina lapadera. Ayi, ndi High Court yomweyo. Mkulu wa majaji akatsimikiza kuti mlandu ukukhudza tanthauzo la malamulo oyendetsera dziko, majaji osachepera atatu amakhala pamodzi kuumva, ndipo wosakhutira ndi chigamulo chawo amakachita apilo ku Supreme monga wina aliyense.

Chinthu china chimene chimakhumudwitsa anthu ndi kusadziwa kuti apilo si kuyambanso mlandu. Mnyamata wa ku Nsaru amene majisitireti wamupeza wolakwa pa mlandu woba ng'ombe sadzaitananso mboni zake zonse ku Lilongwe. Jaji wa High Court amawerenga zimene zidalembedwa pa tsiku la mlandu, amamva zifukwa za wodandaula, n'kufunsa kuti: kodi lamulo lidagwiritsidwa ntchito moyenera? Kodi umboni umene udalembedwawo ungafikitse munthu pa chigamulo chotere? Kodi chilango chidapyola muyeso? Akatha angathe kukana apilo, kumasula munthuyo, kuchepetsa chilango, kuchionjezera kumene, kapena kulamula kuti mlandu uzengedwenso. Nthawi nayo ndi yothina: pa milandu ya upandu yochokera kwa majisitireti, munthu ayenera kudziwitsa bwalo m'masiku 10 kuti akufuna kuchita apilo, ngakhale kuti High Court ingalandire wochedwa ngati ali ndi chifukwa chomveka. Palinso chitetezo china chimene ambiri sachidziwa. Majisitireti akapereka chilango chachikulu, mafailo amatumizidwa ku High Court kuti jaji akachiunike ndi kuchitsimikiza, ngakhale wolakwayo asadapemphe.

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Pali anthu oganiza bwino amene amati makwerero onsewa ndi kungotalikitsa nkhani. Majisitireti ndiye adaona nkhope ya mboni, adamva pamene mawu ake adanjenjemera, adaona pamene idagwetsa maso. Jaji wa kutali ali ndi mapepala okha. Nanga wa mapepala angaone bwanji kuposa wa maso? Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo mabwalo a apilo eni ake amaivomereza: sathamangira kutsutsa woweruza woyamba pa nkhani ya mboni yoyenera kukhulupirira. Komabe kuyandikira kuli ndi khungu lake. Woweruza woyamba amakhala pakati pa fumbi la mkangano, ali ndi milandu yambiri pa tsiku, amamva zonena za pa msika, ndipo nthawi zina amadziwa amene ali ndi mphamvu m'deralo. Wa pamwamba ali ndi nthawi yowerenga, sadziwa amalume a wodandaula, ndipo ku Supreme sakhala yekha. Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Majaji asanu angaphonye, koma n'kovuta kuti onse aphonye pa malo amodzi popanda mmodzi wodzutsa anzake.

Phindu lalikulu la apilo silioneka pa milandu imene yakwera, koma pa imene sidakwere. Woweruza amene akudziwa kuti zolemba zake zingawerengedwe ndi wina amakakamizika kulemba zifukwa, ndipo chigamulo chokondera chimavuta kuchipezera zifukwa zolembeka. Nyakwawa ija ikamagamula za chulu ndi mango imakumbukira kuti gulupu angadzafunse kuti, "Mudaona chiyani?" Motero kalata imene imaoneka ngati ikuchepsa udindo wake ndiyo imachititsa kuti anthu akhulupirire zigamulo zake zina zonse. Mfumu yokaniza kalata imadziulula yokha kuti ikuopa kuti zake zikaonekera. Mfundoyi ndi yakale, ndipo owerenga mbiri ya Chisilamu amakumbukira malangizo amene Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) adatumiza kwa woweruza Abu Musa al-Ash'ari, omulimbikitsa kuti chigamulo cha dzulo chisamumange manja ngati lero waona kuti adaphonya. Woweruza wamkulu mtima amaopa kulakwira munthu kuposa mmene amaopera kukonzedwa.

Tisafulumire kuganiza kuti makwerero paokha ndiwo chilungamo. Dziko lino lidaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1969 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidapatsa mabwalo otchedwa Traditional Courts mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, kuphatikizapo yonyongetsa munthu, ndipo majaji a High Court a nthawi imeneyo adatula pansi udindo. Mabwalo amenewa adali ndi makwerero awoawo, mpaka bwalo la apilo la dziko lonse, koma sadali kulola loya kuimira woimbidwa mlandu, ndipo oweruza ake adali kusankhidwa ndi kuchotsedwa ndi dzanja lomwelo limene lidali kufuna kuti munthuyo amangidwe. Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko lino, ndi mkazi wake Vera Chirwa adaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 pa mlandu woukira boma. Adachita apilo, ndipo mu 1984 apiloyo idakanidwa. Chilango chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse osati chifukwa cha bwalo, koma chifukwa cha kuchonderera kwa mayiko ena. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993. Khomo la apilo lidalipo, koma lidali kulowetsa munthu m'chipinda chomwe adachokamo. Cholakwika sichidali mwambo wa makolo, pakuti pa bwalo la kumudzi nkhoswe imalankhulira mbale wake poyera. Cholakwika chidali chakuti wa pansi ndi wa pamwamba onse adali kuyang'ana nkhope ya munthu mmodzi.

N'chifukwa chake olemba malamulo a mu 1994 adayamba ndi kunena, mu gawo 103, kuti mabwalo akhale oima paokha, ndipo mu gawo 42 adaika apilo pakati pa maufulu a munthu woimbidwa mlandu. Mkulu wa majaji amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa Dziko, koma ayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu a Nyumba ya Malamulo ovota pa tsikulo. Zipatso zake tidaziona ndi maso. Pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, adafafaniza zotsatira za chisankho cha Mtsogoleri wa Dziko cha mu Meyi 2019. Mtsogoleri wolamula pa nthawiyo, a Peter Mutharika, pamodzi ndi bungwe loyendetsa zisankho adachita apilo, monga udali ufulu wawo. Pa 8 Meyi 2020, majaji asanu ndi awiri a Supreme, motsogozedwa ndi a Andrew Nyirenda, adagwirizana ndi bwalo la pansi, ndipo chisankho china chidachitika pa 23 Juni. Pa mlandu womwewo Supreme idachita chinthu chosowa: idasiya zimene iyo yomwe idagamula mu 2000 pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba, n'kunena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Kaya wina adakondwa ndi zotsatira zake kaya adawawidwa mtima, phunziro lake ndi limodzi: mbali zonse zidakwera makwerero mpaka pamwamba, ndipo wogonja adamvera.

Anthu a ku Mpingu ali ndi umboni wawo wapafupi. Pa 8 Okutobala 2019 wapolisi adaphedwa pa zipolowe ku Msundwe, pa msewu wa ku Mchinji. Zitachitika izi, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika adadandaula kuti apolisi amene adabwera m'midzi adawagwirira ndi kuwachita nkhanza. Nkhani yotere nyakwawa sikadaitha, ndipo kupolisi ndiko kudali odandaulidwawo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidafufuza, bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association lidatengera nkhaniyi ku High Court ku Lilongwe, ndipo mu Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda adagamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Ndalama sizichotsa chipsera cha mtundu umenewu. Komabe amayi a kumudzi adaima pamaso pa bwalo limene likadatha kuuza boma kuti lalakwa, ndipo lidaliuza.

Apa ndi pamene chikumbumtima chathu chiyenera kuvutika. Amayi aja adafika chifukwa padapezeka owanyamula. Nanga amene alibe womunyamula? Kuchokera ku Nambuma kapena ku Kabudula kukafika mumzinda wa Lilongwe pafunika kabaza, minibasi, chakudya cha panjira, ndi tsiku lathunthu losiya munda, mwina pa nthawi yopalira kapena yothyola fodya. Ukafika ungauzidwe kuti mlandu waimitsidwa, ubwerenso mwezi wa mawa. Msodzi wa ku Makanjira amene apilo yake ili ku Zomba amadziwa ulendo wa mtundu womwewo. Chilankhulo cha bwalo ndi Chingerezi, ndipo mawu a munthu wolankhula Chichewa kapena Chiyao amalembedwa atadutsa m'kamwa mwa womasulira. Popeza jaji wa apilo amadalira zolembedwazo, womasulira akapotoza liwu limodzi, kupotokako kumakwera nawo mpaka ku Chichiri. Mafailo ena amasowa, zigamulo zina zimachedwa zaka. Timanena kuti mlandu suwola, ndipo n'zoona, koma munthu woudikira amakalamba, ndipo ena amaikidwa m'manda chigamulo chisanatuluke.

Mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake ukuonetsa mbali zonse ziwiri. Pa 27 Epulo 2007, majaji atatu a High Court adagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kulamula kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha anyongedwe popanda kumva zifukwa zomuchepetsera chilango. Supreme idavomereza mfundoyi, ndipo pambuyo pake idati onse amene adaweruzidwa motero amvedwenso. Koma ntchito yowamvanso mwadongosolo idayamba mu 2015, patapita zaka 8, ndipo mafailo a ena adapezeka kuti adatayika kalekale. Oposa 100 adamasulidwa. Chigamulo chidali cholungama kuyambira tsiku loyamba, koma kwa munthu wogona m'chitolokosi zaka zonsezo zidali zenizeni. Mwayi ulipo ndithu kwa wosauka. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre amene adamangidwa mbandakucha akupita ku malonda ake, adagwetsa lamulo la vakabu mu Januwale 2017. Boma lili ndi Legal Aid Bureau yopereka maloya kwa osowa, ndipo alangizi a zamalamulo amayendera ndende monga ya Maula. Koma manja amenewa ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna. Ufulu umene munthu sangaufikire chifukwa chosowa ya minibasi udakali ngongole ya tonsefe kwa iye.

Palinso mbali ina imene imatikhudza ife eni, osati boma. Khomo lomwe limapulumutsa wolakwiridwa limathanso kukhala chida cha wolakwa. Taganizirani mayi wamasiye amene adakwatiwa chitengwa ku Namitete, ndipo abale a malemu mwamuna wake akufuna kumulanda nyumba ndi munda wa ana. Wapambana kwa nyakwawa, wapambana kwa gulupu, wapambana kubwalo la boma. Mlamu wake, amene ali ndi golosale ndi galimoto, akudziwa mumtima kuti alibe mfundo, koma akuchita apilo, akupempha kuti chigamulo chiyambe chaima, akusintha loya, akudwala pa tsiku la mlandu. Cholinga chake si kupambana ayi, koma kuti mayiyo atope n'kubwerera kwao. Lamulo limamulola kugogoda pa khomo lililonse. Kodi pamenepo chikumbumtima nacho chamulola? Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adachenjeza kuti munthu wodziwa kulankhula angathe kupambana mlandu pamaso pa woweruza, koma chimene watenga mwa njira imeneyo sichisanduka chake chovomerezeka. Bwalo limayeza zimene laona ndi kumva. Chimene munthu akudziwa yekha mumtima sichilowa m'failo, ndipo palibe jaji angamuchotsere udindo wake pa icho.

Ndiye funso lenileni la munthu wofuna kuchita apilo si lakuti, "Kodi ndingathe?" koma lakuti, "Kodi ndalakwiridwadi, kapena ndangogonja?" Ziwirizi zimapweteka mofanana pa tsiku la chigamulo, ndipo n'chifukwa chake munthu amafunika nkhoswe ndi abale onena zoona, osati omuthira mafuta pamoto. Amene walakwiridwadi asachite manyazi kupempha kalata, ndipo ife tisamutche wamwano kapena wosamva za akulu. Kukhala chete kwake kungaphunzitse woweruza wokondera kuti palibe womuona, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene wangogonja aphunzire kuwomba m'manja, pakuti kupitiriza kwake kukudya chimanga cha ana a mnzake ndi nthawi ya bwalo imene wina wosalakwa akuidikira m'ndende.

Nanga funso lija lakuti womaliza akaphonya? Tiyenera kuvomereza poyera kuti angaphonye. Supreme imamaliza milandu osati chifukwa majaji ake ndi opanda chilema, koma chifukwa dziko limene mikangano yake siitha silingalime, silingagulitse malo, silingagawe chuma cha masiye. Munda wa mkangano umamera tchire pamene eni ake ali m'makhothi. Kale milandu ya dziko lino idali kukathera kunja, ku Salisbury ndi ku London, ndipo kumeneko nako kudali anthu okhaokha. Kuonjezera makwerero ena sikungachotse kuphonya kwa munthu, kungangoonjezera mtengo wa ulendo. Chimene chimatsala ndi njira zochedwa koma zoona: Nyumba ya Malamulo ingasinthe lamulo loipa, bwalo lingasiye chigamulo chake chakale pa mlandu wina monga lidachitira mu 2020, ndipo anthu ali ndi ufulu wotsutsa chigamulo ndi mawu uku akuchimvera. Kumvera chigamulo chimene sitikugwirizana nacho ndi mtengo umene timalipira kuti mnzathu nayenso adzamvere tsiku limene ife tidzapambane.

Zimene tingachite pa makomo pathu si zazikulu, koma zili ndi ntchito. Mbale wathu akaweruzidwa, tifunse msanga za masiku a apilo, tisadikire kuti tikolole kaye. Tisunge pepala lililonse la kubwalo monga timasungira chiphaso cha dziko. Tikaitanidwa kukachitira umboni tinene zimene tidaona, pokumbukira kuti mawu athu akalembedwa adzawerengedwa ndi anthu amene sadzationa nkhope. Tisapereke kangachepe kwa kalaliki kuti failo iyende kapena isowe, pakuti failo imene yadumphidwa ndi ya munthu wina amene alibe choperekacho. Ndipo mnansi wosauka akalandira kalata yake koma alibe ya ulendo, tisonkhe, monga timasonkhera pa maliro. Amayi a ku Mpingu adamveka chifukwa ena adayenda nawo, ndipo m'mudzi uliwonse muli wina amene kalata yake ili m'thumba, akudikira womuperekeza.